Funsani Tikuyankheni: Namwino ndi Kawerengedwe ka Mtengo wa Ntchito za Zaumoyo

Makalata atatu amene tikuyankha ulendo uno achokera kwa anamwino, ndipo onse akukhudza nkhani imodzi, ya mmene tingadziwire ndalama zimene zimalowa pa ntchito yoteteza anthu kumatenda. Kalata yoyamba taipatsa malo aakulu chifukwa yankho lake ndilo maziko a enawo.

FUNSO: Ndine namwino wa zaumoyo wa anthu m'madera, ndipo kawiri pamwezi ndimapita ndi anzanga kukachititsa sikelo ndi kupereka katemera kudera lina lakutali ndi chipatala chathu. Pamsonkhano wokonza bajeti, akuluakulu anati maulendowa akudya ndalama zambiri ndipo akuganiza zowaimitsa. Ndinawauza kuti ana akumeneko akufunika thandizo, koma atandifunsa kuti mwana mmodzi amatengera ndalama zingati, ndinasowa chonena. Za chuma sindinaphunzire. Ndiyambire pati? (Namwino wothedwa nzeru)

YANKHO: Pepani a Namwino, zimene zinakuchitikiranizi zimachitikira anzanu ambiri. Funso limene anakufunsanilo musalitenge ngati lokunyozani, chifukwa ndi loyenera, ndipo yankho lake lili kale m'manja mwanu: lili m'kaundula wa katemera, m'buku lolembamo maulendo ndi mafuta, m'mafomu oitanitsira zipangizo ndiponso m'ndandanda wa masiku a ntchito. Musaganizenso kuti nkhani ya ndalama ndi yachilendo kwa anamwino. Lillian Wald, amene mu 1893 anayambitsa ntchito ya anamwino oyendera odwala m'makomo a anthu osauka mumzinda wa New York, anakopa kampani ya inshuwalansi ya Metropolitan Life mu 1909 kuti izilipira anamwino oyendera makasitomala ake akadwala. Mfundo imene inagwira mtima eni kampaniyo inali ya masamu: kulipira namwino kunali kotsika mtengo poyerekeza ndi kulipira mabanja pa imfa zimene zikanatha kupewedwa.

Musanalembe nambala iliyonse, dzifunseni kuti mukuwerengera thumba la yani. Ngati mukuwerengera thumba la chipatala chokha, mulemba mafuta, malipiro, katemera ndi zina zotero. Ngati mukuwerengera anthu onse okhudzidwa, muwonjezeranso ndalama zimene mayi amalipira paulendo ndi tsiku la ntchito limene amataya pobwera ndi mwana. Njira zonse ziwiri ndi zovomerezeka, koma zimapereka mayankho osiyana, ndipo mikangano yambiri ya m'misonkhano ya bajeti imayamba chifukwa wina akuwerengera thumba ili pamene mnzake akuwerengera thumba linalo, onse osazindikira. Lembani pamwamba pa pepala lanu kuti mwasankha thumba liti komanso kuti mukuwerengera nthawi yaitali bwanji. Chaka chathunthu chimathandiza kuposa mwezi umodzi, chifukwa miyezi imasiyana kuchuluka kwa ntchito.

Kenaka yendani ulendo wanuwo m'maganizo, kuyambira pamene mukutulutsa katemera m'furiji m'mawa mpaka pamene mukubweza bokosi lozizira madzulo, ndipo chilichonse chimene dzanja lanu lakhudza muchilembe: masirinji, thonje, mabokosi otayiramo singano, makadi a ana, sikelo yopimira, njinga yamoto, mafuta, ndi anthu onse amene anagwira ntchito. Chinthu chilichonse mulembe kuchuluka kwake padera ndi mtengo wake padera, kenaka muchulukitse. Kulekanitsa ziwirizi kumaoneka ngati kuchulutsa ntchito, koma mitengo ikasintha chaka chamawa mudzangosintha mzere umodzi mmalo moyambiranso.

Tiyeni tichite chitsanzo chongoyerekeza, ndipo manambala ake ndawasankha kuti masamu aoneke bwino basi. Inu mudzaikapo anu enieni, m'ndalama imene mumagwiritsa ntchito. Tinene kuti pa chaka mumapita maulendo 24. Mafuta ndi kukonzetsa njinga pa maulendowo ndi 600, ma alawansi ndi 480, katemera ndi masirinji ndi 720. Zitatuzi aliyense amaziona chifukwa zimatuluka ndi malisiti. Zimene zimaiwalika ndi ziwiri. Choyamba ndi nthawi yanu. Ngati malipiro anu a pachaka ndi 12,000 ndipo mumagwira ntchito masiku 240, tsiku lanu limodzi ndi 50, choncho masiku 24 ndi 1,200. Anzanu amene mumapita nawo muwawerengere chimodzimodzi, ngakhale pano ndawasiya kuti chitsanzo chifupike. Chachiwiri ndi njinga yamoto yeniyeniyo, imene inagulidwa kamodzi koma ikutha pang'onopang'ono tsiku lililonse.

Katundu wokhalitsa ngati njinga, furiji kapena nyumba salembedwa mtengo wake wonse m'chaka chimodzi. Amagawidwa pa zaka zimene adzagwire ntchito. Njinga ya 4,580 yokhala zaka zisanu, mukangogawa ndi 5 mupeza 916 pachaka, ndipo pa msonkhano wa pachipatala nambala imeneyi ndi yokwanira. Akatswiri a zachuma amapita patsogolo pang'ono, chifukwa ndalama imene yamangiriridwa mu njinga ikanatha kugwira ntchito ina pa zaka zimenezo. Ambiri pa nkhani za umoyo amawerengera ngati kuti ndalamayo ikanapindula 3 peresenti pachaka, ndipo pa zaka zisanu izi zimachititsa kuti mugawe ndi 4.58 mmalo mwa 5, zimene zikupereka 1,000 pachaka. Ngati njingayo theka la maulendo ake ndi la sikelo ndipo theka linalo ndi la ntchito zina, inu mutenge 500 yokha. Mukaphatikiza zonse, 600, 480, 720, 1,200 ndi 500, mupeza 3,500 pachaka.

Tsopano mugawe 3,500 ndi chiyani? Apa ndi pamene nzeru ya namwino imaposa ya wosunga mabuku a ndalama. Mukhoza kugawa ndi chiwerengero cha majakisoni, kapena cha anthu amene anabwera, kapena cha ana amene anamaliza katemera wawo wonse. Nambala ya majakisoni imasonyeza kuti munatanganidwa, koma nambala ya ana omaliza katemera ndiyo imasonyeza kuti ana atetezeka, ndipo ineyo ndimalimbikitsa kuti muzigwiritsa ntchito imeneyi, ngakhale imapangitsa mtengo kuoneka wokwera. Ngati ana 140 anamaliza, mwana mmodzi ndi 25. Limeneli ndilo yankho la funso limene munafunsidwa.

Komatu musaimire pomwepo, chifukwa wina adzanena kuti pachipatala pomwe mwana mmodzi amatengera 10 yokha, choncho maulendo anu ndi okwera kuwirikiza kawiri ndi theka. Nambalayo ikhoza kukhala yoona, koma funso limene msonkhano ukufuna kuweruza ndi lina: tikaimitsa maulendowa, tipulumutsa ndalama zingati, ndipo titaya chiyani? Malipiro anu sadzachepa chifukwa mwasiya kupita kuderalo, ndipo njinga inagulidwa kale. Zimenezi ndi ndalama zosasintha, zimene zimakhalapo kaya ana abwere ambiri kaya ochepa. Zimene zingapulumuke ndi zokhazo zimene zimakwera ndi kutsika malinga ndi ntchito: mafuta 600, ma alawansi 480, ndi katemera wa ana amene sadzabweranso. Tinene kuti mwa ana 140 aja, 40 makolo awo angakwanitse kufika kuchipatala ndipo 100 sangakwanitse. Katemera wa ana 100 amenewo ndi pafupifupi 500. Ndiye kuti chipatala chipulumutsa pafupifupi 1,600, osati 3,500, ndipo posinthana ndi ndalama imeneyo ana 100 atsala opanda chitetezo. Kunena kwina, mwana aliyense wa anawa akutetezedwa ndi ndalama yowonjezera ya 16 yokha. Chilungamo chikufuna kuti munenenso kuti masiku anu 24 akanagwira ntchito ina pachipatala, ndipo muyenera kutchula kuti ntchitoyo ndi iti, kuti akuluakulu ayerekeze zinthu ziwiri zenizeni.

Nambala ya 40 ndi 100 ija ndi yongoganizira, ndipo wina adzaitsutsa. Mutsogolereni inu. Werengeraninso ngati ana obwera kuchipatala atakhala 70, kenaka ngati atakhala 20, ndiponso ngati mafuta atakwera ndi theka. Mfundo yanu ikakhala yolimba pa zonsezi, nenani motero. Ikagwa pa chimodzi, mwadziwa chimene muyenera kukachifufuza bwino m'kaundula musanabwerere kumsonkhano.

Pali malo amodzi pamene ndalama zimatayikira mwakachetechete, ndipo inu nokha ndi amene mumawaona ndi maso. Katemera wa chikuku amabwera ngati ufa m'kabotolo, kawirikawiri ka madozi 10, ndipo mukangomusungunula ayenera kutayidwa pakatha maola 6 kapena sikelo ikatha, malinga ndi chimene chayamba kufika. Chimodzimodzinso BCG, katemera woteteza ku TB, amene kabotolo kake kamakhala ndi madozi 20 nthawi zambiri. Mukatsegula kabotolo ka madozi 10 chifukwa cha ana atatu, madozi 7 apita m'bokosi lotayira, ndipo dozi iliyonse imene yalowa m'thupi la mwana yakwera mtengo kupitirira katatu. Poitanitsa katemera, njira yowerengera ndi kugawa 100 ndi nambala imene yatsala mukachotsa peresenti ya otayika pa 100: ngati mumataya 25 peresenti, mugawe 100 ndi 75, mupeza 1.33, kutanthauza kuti pa ana 100 mufunika madozi 133. Ndikuchenjezeni ndi mtima wonse kuti yankho la vutoli si kubweza mayi amene wayenda mtunda wautali n'kumuuza kuti adzabwere tsiku limene ana adzachuluke. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti kabotolo katsegulidwe ngakhale mwana ali mmodzi, chifukwa mwana wobwezedwa nthawi zambiri sabwereranso, ndipo chikuku chikabuka, ndalama zochithetsera zimaposa kutali mtengo wa madozi otayika. Chimene mungachite ndi kukonza masiku a sikelo kuti agwirizane ndi nthawi imene makolo amapezeka, kulengeza tsikulo mokwanira, ndi kupempha timabotolo ta madozi 5 kumene tilipo.

Zonsezi zikwane patsamba limodzi: thumba limene mwawerengera, chaka chake, mndandanda wa zinthu ndi mitengo yake, mtengo wa mwana mmodzi, ndalama zimene zingapulumukedi, ndi chiwerengero cha ana amene angatsale. Ngati mungathe, onjezani mzere wosonyeza zimene makolo 40 aja angawononge paulendo, chifukwa kutseka sikelo yakutali nthawi zambiri sikuchotsa mtengo, kumangousamutsa kuchoka m'thumba la chipatala kupita m'thumba la banja.

FUNSO: Ndikuphunzira unamwino ndipo ndasokonezeka ndi mayina a mitundu ya kafukufuku wa zachuma pa zaumoyo. Mabuku akutchula mitundu inayi, komanso mawu akuti QALY ndi DALY. Kodi zimasiyana pati? (Wophunzira wa chaka chachitatu)

YANKHO: Mitundu inayi yonseyo imawerengera ndalama mofanana, monga tafotokozera pamwambapa. Imasiyana pa mmene imayezera phindu. Pamene njira ziwiri zatsimikizika kuti zimapereka zotsatira zofanana ndendende, monga mankhwala amodzimodzi ochokera kumakampani awiri, mumangosankha yotsika mtengo. Umenewu ndi cost-minimisation, ndipo umagwira ntchito mwa apo ndi apo chifukwa njira ziwiri sizifanana kawirikawiri. Mtundu umene namwino amakumana nawo kwambiri ndi cost-effectiveness, pamene phindu limayezedwa ndi chinthu chooneka: mwana womaliza katemera, wodwala TB wopezeka ndi kuchira, imfa yopewedwa.

Pamtundu umenewu pali msampha umene ophunzira ambiri amagweramo. Tinene kuti njira yoyamba yofufuzira odwala TB imadya 2,000 n'kupeza odwala 50, pamene yachiwiri imadya 3,200 n'kupeza 70. Mukagawa mwachisawawa mupeza 40 ndi pafupifupi 46 pa wodwala mmodzi, n'kuganiza kuti kusiyana kwake n'kochepa. Koma wosankha pakati pa njira ziwirizi akufuna kudziwa chimene ndalama yowonjezerayo ikugula. Iye akuwonjezera 1,200 kuti apeze odwala 20 owonjezera, ndiye kuti wodwala wowonjezera aliyense ndi 60. Nambala imeneyi ndi imene mabuku amaitcha ICER, ndipo ndiyo iyenera kuganiziridwa posankha.

Vuto limabwera mukafuna kuyerekeza zinthu zosafanana, monga katemera wa ana ndi chithandizo cha matenda a shuga. Apa pamafunika muyezo umodzi wa zonse, ndipo ndi pamene cost-utility imalowera. Miyezo yake ndi QALY ndi DALY. QALY imawerengera chaka cha moyo wathanzi lokwanira ngati 1 ndipo imfa ngati 0, kotero zaka ziwiri zokhala ndi theka la thanzi zimafanana ndi QALY imodzi. DALY imayang'ana mbali inayo: imaphatikiza zaka zotayika chifukwa chomwalira msanga ndi zaka zokhala ndi matenda kapena ulumali, choncho QALY timafuna kuipeza pamene DALY timafuna kuipewa. DALY inatchuka kudzera mu lipoti la World Bank la 1993, kuchokera pa ntchito ya Christopher Murray ndi Alan Lopez yoyeza kulemera kwa matenda padziko lonse. Mtundu wachinayi, cost-benefit, umasandutsa phindu lomwe kukhala ndalama kuti muone ngati zobwerera zikuposa zolowa, ndipo umathandiza polankhula ndi unduna wa zachuma, ngakhale kuika mtengo pa thanzi kumadzetsa mikangano.

Mudzafunsa kuti ICER ikhale yochuluka bwanji kuti tinene kuti njira ndi yoyenera. Palibe nambala imodzi ya dziko lonse lapansi. Bungwe la NICE la ku England, lounika mankhwala ndi chithandizo choyenera kulipiridwa ndi boma, limene linakhazikitsidwa mu 1999, kwa zaka zambiri linkagwiritsa ntchito malire a mapaundi 20,000 mpaka 30,000 pa QALY imodzi. M'mayiko osauka anthu anazolowera lamulo lochokera ku lipoti la 2001 la komiti ya WHO yoona za chuma ndi umoyo, imene ankaitsogolera Jeffrey Sachs, loti njira ndi yoyenera ngati kupewa DALY imodzi kukudya ndalama zosapitirira katatu chuma cha dziko pa munthu mmodzi pachaka. Mu 2016 akatswiri a WHO yomweyo analemba kuti muyezo umenewu usamagwiritsidwe ntchito paokha, ndipo ine ndikugwirizana nawo, chifukwa chinthu chikhoza kudutsa malirewo koma dziko osakhala ndi ndalama zochigulira anthu onse ochifuna. Pamayeso dziwani lamulolo, koma pantchito muzifunsanso kuti bajeti yonse ikwana kapena ayi.

FUNSO: Pulogalamu yathu yoyendera odwala m'makomo imayenda ndi anthu ongodzipereka, ndipo mankhwala ndi njinga tinapatsidwa ndi bungwe lina lothandiza. Ndiye ndikalemba kuti mtengo wake ndi wochepa kwambiri, ndikulakwitsa? Komanso mtima wanga sugwirizana ndi zoika moyo wa munthu pa masamu. Ife tinalumbira kuthandiza aliyense. (Sisitala wamkulu)

YANKHO: A Sisitala, pa funso loyambalo, zimatengera chimene mukufuna kudziwa. Ngati akufunsani kuti chaka chino mutulutsa ndalama zingati, zinthu zopatsidwa musazilembe, chifukwa simunalipire. Koma ngati funso ndi lakuti pulogalamuyi ingapitirire kapena kufalikira kumadera ena, muyenera kulemba chilichonse pa mtengo umene chikanagulidwira, ndipo nthawi ya odzipereka muiwerengere molingana ndi malipiro a ntchito yofanana nayo. Tsiku limene bungwe lothandizalo lidzachoke, mankhwala ndi matayala a njinga zidzafuna ndalama yeniyeni, ndipo mapulogalamu ambiri abwino amafera pomwepo chifukwa palibe amene analemba nambala imeneyo poyamba. Nthawi ya odzipereka nayonso si yaulere: amaichotsa pa ntchito zawo ndi pa mabanja awo, ndipo kuilemba ziro ndi kuwachepetsa. Ndi bwino kusonyeza manambala onse awiri moyandikana, ndalama zotuluka m'thumba ndi mtengo weniweni wa zonse zogwiritsidwa ntchito.

Nkhawa yanu yachiwiri ndikuimvetsa ndipo sindikufuna kuipeputsa. Komabe taganizirani zimene mumachita kale m'mawa uliwonse pogawa anamwino ochepa ku ntchito zambiri. Mukatumiza mmodzi kukayendera odwala m'makomo, mwamuchotsa ku chipinda cha amayi oyembekezera, ndipo mtengo weniweni wa ulendowo ndi thandizo limene amayiwo sanalandire. Kusankha kumachitika ndithu, kaya tiwerengere kaya tisawerengere. Kusiyana kwake n'kwakuti tikapanda kuwerengera, amene amapambana ndi wolankhula mokweza pamsonkhano, ndipo odwala akutali, amene alibe wowalankhulira, ndiwo amatsala. Ngakhale chikalata cha Alma-Ata cha 1978, chimene chinalengeza za umoyo wabwino kwa onse, chinanena kuti chithandizo choyambirira chikhale pa mtengo umene anthu ndi dziko lawo angakwanitse kuupitiriza.

Kumene muyenera kukhala tcheru n'kwakuti masamuwa amanena kuchuluka kwa thanzi limene lagulidwa, koma sanena kuti lapita kwa yani. Munthu wakutali, wolumala kapena wokalamba amatengera ndalama zambiri kuti afikiridwe, ndipo pepala longoyang'ana kutsika mtengo likhoza kumutaya popanda wina kuzindikira. Choncho pa lipoti lanu gawani zotsatira malinga ndi mtunda, msinkhu ndi kapezedwe ka mabanja, ndipo lembaninso zimene odwala amawononga okha. Pa matenda a TB, WHO imawerengera banja kuti lagwa m'mavuto aakulu a zachuma ngati ndalama zonse zokhudza matendawo, kuphatikizapo maulendo ndi malipiro otayika, zapitirira 20 peresenti ya zimene banjalo limapeza pachaka. Odzipereka anu akamapereka mankhwala pakhomo, amachepetsa ndalama zimenezi. Apatseni funso limodzi lowonjezera pa fomu yawo, loti wodwalayo akanawononga ndalama zingati ndi maola angati kuti afike kuchipatala, ndipo pakatha miyezi itatu muphatikize mayankhowo n'kuwaika pafupi ndi mtengo wa pulogalamu yanu.